Ana otsala makolo akathamangitsidwa ku America

Achemwali, mwafunsa ngati mwana wobadwira ku America amavutikabe maganizo kholo lake likathamangitsidwa, popeza iyeyo ndi nzika. Amavutika, ndipo kwambiri. Unzikawo umangoteteza kuti asachotsedwe m'dzikomo, koma mantha suwachotsa. Mu Ogasiti 2019, a ICE, nthambi ya boma la America yogwira anthu okhala m'dzikomo popanda chilolezo, anagwira anthu pafupifupi 680 m'mafakitale okonza nkhuku ku Mississippi, ana ena anaweruka kusukulu n'kupeza palibe wowalandira. Ana otere amasowa tulo, ang'onoang'ono amayambiranso kukodza pogona, chakudya amakana, kusukulu amabwerera m'mbuyo. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti mwana wamkulu amayamba kulera azing'ono ake iyenso akufunika kuleredwa. Ngati mukusunga mwana wotere, muuzeni zoona molingana ndi msinkhu wake, ndipo azilankhula ndi kholo lakelo pafoni pafupipafupi.