Tripod yotchipa inandiphera kamera pa Likhubula

Achemwali, mwafunsa za tripod, chija cha miyendo itatu chokhazikapo kamera, yoti mukajambulire dzuwa likulowa pa nyanja. Ya pulasitiki mwaiona yotchipayo isiyeni, chonde isiyeni pomwepo. Bola mupite ku Zalala kwanuko, gombe la ku Mozambique lija, kamera ili m'manja mwanu kusiyana n'kuikhazika pa chinthu chimene simukudziwa mphamvu yake. Ndangowerenga funso lanuli mtima wanga wayambanso kuwawa.

Yanga ndinagula ku Limbe, mu shopu ina ya zamagetsi. Ndinapita ndi kamera yeniyeniyo, Nikon D3200 ndi lenzi ya 55-200, n'kumuonetsa wogulitsayo kuti bambo, katundu wake ndi uyu, kodi inyamula? Anaigwira yekha kamerayo, kuipima m'manja, n'kulumbira kuti tripod imeneyo ndi orijino, imanyamula ngakhale makamera a anthu a pa TV. Pa bokosi panalibe polemba kulemera kumene imapirira. Nditafunsa anati mabokosi a masiku ano salemba zimenezo. Ndinalipira.

Enanu muno mukudziwa kuti kujambula si ntchito yanga yeniyeni, ndi chikondi chabe, koma Loweruka kamera imeneyo inkandipezera ya ndiwo ndi ya fizi pa zinkhoswe ndi maukwati a ku Chitakale ndi ku Luchenza. Ndinaigula ndi ndalama ya banki m'khonde, ngongole yake ndinali ndisanamalize n'komwe.

Unali mwezi wa July. Chiperoni chinali chitagwira phiri lonse la Mulanje, nkhungu ndi kamvula kowaza osaona ngakhale nyumba ya neba, ndiye tsiku limenelo kunangoyera mbee, fumbi lonse litatsukidwa m'mwamba. Amene mumakhala kuno mukudziwa kuti tsiku lotere silisiyidwa. Ndinatenga mphwanga, tinakwera kuchokera pa Likhubula njira ya ku Chambe, mpaka pa thanthwe lina loyang'ana kumadzulo. Chigwa chonse chinali pansi pathu, dzuwa likutsikira cha ku Blantyre, phiri la Chiradzulu lili kumanja kwake, ndipo kumbuyo kwathu khoma la Chambe litafiira psuu. Nthawi imeneyo dzuwa limalowa isanakwane 5:30, ndiye zonse zimafuna changu.

Dzuwa lili pamwamba ndinajambula ndi manja, zinatuluka bwino. Litangomira ndinatambasula tripod ija, miyendo yonse itatu ndinatseka maloko ake mmodzimmodzi, ndinamanga kamera, ndinagwedeza kuti ndione ngati yakhazikika. Inakhazikika. Shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, ndinaitchera masekondi 2, timer yochedwetsa kujambula ndinaika kuti dzanja langa lisagwedeze. Ndinadina, ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Kampweya kanali kakang'ono, kongogwedeza udzu basi.

Ndinangomva kuti thwa. Loko ya mwendo wakutsogolo inathyoka yokha, mwendo n'kulowa m'kati. Ndinaiona kamera ikuweramira kutsogolo pang'onopang'ono, kanyali ka timer kakuphethirabe, ine dzanja ndatambasula koma silinafike. Inagwa chamutu, lenzi ndiyo inayamba kumenya mwala. Phokoso limenelo mpaka lero ndimalimva. Lenzi inathyokera pamene imalumikizana ndi kamera, poti ya 55-200 polumikizira pake ndi pa pulasitiki, inagubuduzika payokha kutsika thanthwe, mphwanga n'kuithamangira mpaka ndinachita kumukuwira kuti asiye angagwe nayenso. Kamera inatsala chagada, batire itatuluka, sikirini itang'aluka pakati. Ndinaitola, ndinabwezera batire, ndinayatsa. Zii. Ndinazimitsa, kuyatsanso. Zii. Ndinakhala pansi pa mwala wozizira uja, kamera pamiyendo, manja akunjenjemera, kumwamba kuli mitundu imene sindinaionenso chiyambire, yofiira, ya chikasu, kwinaku yobiriwira. Mphwanga anabwera ndi lenzi m'chipewa chake, galasi lakutsogolo litasweka, akulira ngati walakwa ndi iyeyo. Tinatsika mumdima ndi tochi ya foni, osalankhulana mpaka pa msewu.

Loweruka lake ndinali ndi chinkhoswe, anthu atalipira kale theka. Ndinachita kukabwereka kamera ya munthu ku Thyolo, yolipira, ndalama yonse ya ntchitoyo inathera pomwepo, ine n'kuonjezeranso ya thiransipoti.

Ndiye mumve za munthu wa ku Limbe uja. Ndinabwerera ndi tripod yake, loko yothyokayo ili m'thumba, kamera yakufayo ili m'chikwama. Poyamba anati sakundikumbukira. Nditatulutsa lisiti anati pa lisiti palembedwa kuti stand, sipanalembedwe kuti ndi ya kamera. Kenako anati kamera yanga ndi yolemera kwambiri, tripod imeneyo ndi ya mafoni. Munthu yemweyo amene anaipima m'manja mwake! Pomaliza analoza chipepala cha pakhoma choti katundu akatuluka sabwezedwa, n'kutembenukira kasitomala wina ine ndili chiimire. Ngakhale pepani sanandiuze. Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti ankadziwa. Munthu wogulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku amadziwa kuti pulasitiki wa malokowo ndi wouma, amathyoka, koma anaona ndalama, thukuta la mnzake sanaliwerengere. Ena anandiuza kuti ndikadandaule ku CFTC, bungwe loteteza ogula, koma mphamvu yoyendera zimenezo ndinalibe, mutu unali pa ngongole. Mpaka pano ma tripod omwewo ali pa windo pake, ndipo ndikukhulupirira kuti mwaionayo ndi mtundu womwewo.

Tsono mvetserani. Dzuwa likadali pamwamba pa madzi, tripod simukuifuna ngakhale pang'ono. Kuwala kumakhala kochuluka, shutter imathamanga kufika 1/500 ya sekondi kapena kuposa, dzanja silingasokoneze kanthu. Lamulo lake ndi lophweka, lenzi ikakhala pa 200mm shutter isatsike pansi pa 1/200, ndipo pa makamera athu ang'onoang'onowa ndi bwino kukweza mpaka 1/320. Pimirani kuwala pa thambo, osati pa mchenga, apo ayi kumwamba kudzangoyera mbuu mitundu yonse n'kutha. Mabwato ndi anthu asiyeni ade, ndi mmene zimakongolera. Ndipo musayang'ane dzuwa kudzera pa kabowo koonera muli ndi lenzi yaitali, maso amapsa, gwiritsani sikirini.

Komabe ngati mungathe musapite opanda tripod yolimba. Zithunzi zenizeni zimabwera dzuwa litamira, ndipo kuno kwathu chisisira n'chachifupi, mphindi 20 kapena 25 mdima wagwa. Nthawi imeneyo ndi manja mudzakakamizika kukweza ISO, mphamvu ya kamera yomva kuwala, mpaka 3200, chithunzi n'kudzaza timadontho. Ndipo ngati mukufuna madzi osalala aja, mafunde ooneka ngati utsi, pamafunika sekondi imodzi kapena kuposa, palibe dzanja la munthu lingagwire zimenezo. Ine pano sindikwera phiri opanda tripod. Ndinapeza ya aluminiyamu yakale, yogwirapo kale ntchito, yolemera, yokalikakalika, koma maloko ake ndi achitsulo. Pogula muitambasule yonse, muitsamire ndi dzanja lanu mwamphamvu, mwendo ukangotsetsereka pang'ono muisiye. Ikhale yolembedwa makilogalamu amene imanyamula, ndipo akhale owirikiza kulemera kwa kamera yanu ndi lenzi. Chitsulo chapakati chokwezera kamera chija musachikweze, ndi chimene chimayamba kugwedezeka. Kolekani chikwama pansi pake chiikokere pansi. VR kapena IS, choletsa kugwedezeka cha mu lenzi, muzimitse kamera ikakhala pa tripod. Lamba wa kamera akhale pa dzanja lanu nthawi zonse, ngakhale timer ikuwerenga, womasuka koma ali pa dzanja. Ndalama ikavuta, sokani kathumba mudzazemo mpunga kapena nyemba, mukhazike kamera pamenepo pa mwala kapena pa bwato lokokeredwa kumtunda. Kathumba kameneko sikagwa.

China chimene sindinaone wina akukuuzani m'makomentimu. Mukadutsa pa Muloza, Milange, Mocuba mpaka Quelimane, gombe la kumeneko layang'ana chakum'mawa. Dzuwa limatuluka m'madzi, koma polowa limalowera kumtunda, kuseri kwa mitengo. Ndiye chithunzi cha dzuwa pa madzi mudzachipeza m'mamawa, mudzuke kudakali mdima. Madzulo mudzajambule mitambo ya pamwamba pa nyanja ikamafiira, imakongolanso. Ngati mtima wanu uli pa dzuwa lomira m'madzi, bola Cape Maclear, pa Chembe, pamene gombe layang'ana chakumadzulo, zilumba zili kutsogolo. Mbali zambiri za nyanja yathu, ku Salima ndi ku Nkhata Bay, n'chimodzimodzi ndi Zalala, dzuwa limatulukira m'madzi. Mukapita mu September kapena October, utsi wa moto wa m'tchire umalifiiritsa dzuwa lisanafike n'komwe pansi, limaoneka lonse lobulungira bwinobwino.

Pa mchenga wonyowa miyendo imatitimira funde likabwerera, ndiye tripod muikanikize ilowe kaye musanamange kamera, ndipo musaitembenukire msana. Lenzi musasinthire pagombe, mchenga ukalowa m'kati ndi ndalama ina. Madzi a ku Mozambique ndi amchere, si ngati a ku Mangochi, amadya zitsulo ndi masikuluwu. Tsiku lomwelo tripod muitambasule yonse, muitsuke ndi madzi a pa mpopi, iume musanaipinde. Mukapeza ina imene mukuiganizira, ikani chithunzi chake muno musanapereke ndalama, mujambule maloko ake pafupi, tikuuzani ngati ndi yogula.