Totupa kumaliseche mukagonana: musanaloze munthu chala, werengani masiku

Kalata ya sabata ino ndi yaifupi koma yanditokosa pachilonda. Mchemwali wina akuti anagona ndi chibwenzi chake chatsopano, kondomu anavala, koma kutacha anangoona malo obisika afiira, atuluka totupa ting'onoting'ono toyabwa. Akufunsa ngati mwamunayo wamupatsira matenda, komanso ngati angapake mankhwala a m'chubu amene mnzake wamubwereka, poti kuchipatala akuchita nako manyazi.

Achemwali, manyaziwo ndikuwadziwa bwino. Ine zinandigwera ndili kale pabanja. Ndinali nditangomaliza kumwa maantibayotiki chifukwa cha dzino lomwe linanditupitsa tsaya. Titakhalira pamodzi ndi bambo a kunyumba, m'mawa mwake kunayamba kuyabwa kosati masewera. Khungu linafiira, linatupa, pokodza kuwotcha. Posakhalitsa iwonso anayamba kudzikanda mobisa, kunsonga kutatuluka timadontho tofiira. Ndiye taganizani, anthu awiri m'nyumba imodzi, aliyense akumuyang'ana mnzake cham'mbali, aliyense ali ndi funso lomwelo kukhosi, wotulutsa mawu palibe. Foni ya wina ikalira, winayo khutu tcheru. Kuyabwako kunali nako kuchepa poyerekeza ndi bata loipa limene linalowa m'nyumbamo.

Nditalimba mtima kupita kuchipatala, wapawindo anandifunsa vuto langa mokweza, mzere wonse ukumva. Amene ndinayamba kuonana naye sanadzuke n'komwe pampando. Atangomva mawu akuti kumaliseche anayamba kulemba, n'kuwonjezera kuti ndikawauze abambo asiye kuyendayenda. Anali asanaone kalikonse. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa mawu ngati amenewo amatha kupasula banja la anthu osalakwa. Amene anandithandiza ndi namwino wina wachikulire tsiku lina. Anatseka chitseko, anavala magolovesi, anayatsa nyali, anayang'ana bwinobwino, kenako anandifunsa funso limene winayo sanaliganizire: "Mwamwako mankhwala anji posachedwapa?"

Inali kandida. Ndi kafangasi kamene kamakhala m'thupi mwa amayi ambiri osavuta chilichonse, chifukwa mabakiteriya abwino a kumaliseche amakaletsa kuchuluka. Maantibayotiki akapha mabakiteriyawo, kandida amaswana mwaufulu. Amavutanso amayi oyembekezera ndi anthu odwala shuga. Kugonana kumangokhula khungu lomwe layamba kale kudwala, ndiye zimaoneka ngati zabwera ndi usikuwo. Mwamuna, makamaka wosadulidwa, amathanso kufiira ndi kuyabwa kunsonga. Palibe amene anayenda njira yokhota pamenepo.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva anthu akuthamangira kunena kuti chilichonse chotuluka kumusiko ndi chiwerewere. Matenda ali ndi nthawi yake yoonekera, ndipo nthawiyo siinama. Kachilombo kakalowa m'thupi usiku, sikatulutsa totupa m'mawa. Zimene zimaoneka pasanathe maola angapo kapena tsiku limodzi nthawi zambiri ndi khungu limene lanyuka chifukwa chokhulana, makamaka ngati kunali kouma, kapena khungu limene ladana ndi chinthu china chimene lakhudzana nacho. Makondomu ambiri amapangidwa ndi labala wa latex, ndipo pali anthu amene thupi lawo siligwirizana naye. Ena amadana ndi mafuta otereretsa, makamaka onunkhiritsa kapena aja otenthetsa, ena mankhwala opha umuna otchedwa nonoxynol-9 amene amaikidwa pa makondomu ena. Pali ngakhale amayi ochepa kwambiri amene thupi lawo limadana ndi umuna weniweniwo, koma inu poti munavala kondomu, zimenezo tiziike pambali.

Ndipo poti tafika pa zonunkhiritsa, ndinenepo. Sindidziwa amene anatinamiza kuti malo obisika ayenera kununkhira maluwa. Sopo wa perefyumu, timapepala topukutira tonyowa, zopopera, kutsuka mpaka m'kati, zonsezi zimaononga khungu lomwe ndi lanthete kuposa la pankhope. M'kati mumadziyeretsa mokha. Munthu amati ali ndi chibwenzi chatsopano, ameta ndi lezala tsiku lomwelo, asamba ndi sopo watsopano, adzola zatsopano, kenako totupa tikatuluka mlandu uli pa mwamuna. Kumeta kokhako kumatulutsa tiziphuphu m'mabowo a tsitsi, tina timakhala ndi kamutu koyera.

Za chubu cha mnzanucho ndiye ndikukanizeni kwamtuwagalu. Machubu ambiri oyendayenda m'zikwama amakhala ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga betamethasone. Amaziziritsa kuyabwa mwamsanga, munthu n'kumati ndachira, pamene fangasi kapena kachilombo kakufalikira pansi pake. Amapyapyalitsanso khungu akapakidwa nthawi yaitali, ndipo amasintha maonekedwe a totupa moti dokotala amavutika kuzindikira chomwe chinalipo.

Nanga ngati ndi matenda opatsirana pogonana?

Sindikuti chotsani nkhawa yonse ayi. Totupa ta lero tikhoza kukhala tochokera kwa munthu amene munagona naye masabata apitawo, ndiye powerenga masiku musayambire dzulo lokha. Matenda a herpes amatulutsa timatuza tamadzi tounjikana, topweteka, tomwe timaphulika n'kusiya tizilonda. Kawirikawiri amaoneka pakati pa masiku 2 ndi 12 munthu atatenga, nthawi zina ndi kutentha thupi ndi mwanabele m'mphechepeche. Koma kachilomboka kamakhala m'thupi moyo wonse, ndipo kukhulana kumatha kudzutsa kamene munthu anatenga kalekale osadziwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2024 kuti anthu pafupifupi 846 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 ali ndi herpes wa kumaliseche, kutanthauza oposa mmodzi mwa anthu 5 alionse a msinkhu umenewu. Ambiri sadziwa. Mapiritsi a aciclovir samuthetseratu, koma amafupikitsa masiku a ululu akayambidwa msanga.

Chimene ndimachiopa kwambiri ndi chindoko, chifukwa n'chofatsa poyamba. Chimatulutsa kachilonda kamodzi kouma m'mbali, kosapweteka, patatha pafupifupi masabata 3, ngakhale chimatha kuoneka pakati pa masiku 10 ndi 90. Kachilondako kamapola kokha, munthu n'kuiwala. Kenako pamadzatuluka zidzolo m'thupi, mpaka m'zikhatho ndi kumapazi, matenda akulowerera. Chonsecho jakisoni wa benzathine penicillin amachichiza, ndipo kwa mayi woyembekezera amapulumutsanso mwana. Mphere nayo imayenda pogona limodzi: imayabwa kwambiri usiku, ndipo kwa amene sanaidwalepo imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti iyambe kumveka. Njerewere zimachedwa kuposa pamenepo, mwina miyezi. Kondomu imachepetsa zonsezi koma siphimba khungu lonse.

Tsono inu chitani chonchi. Siyani kugonana mpaka khungu lichire. Tsukani kunja kokha ndi madzi ofunda pang'ono, pukutani mosakhula, valani kabudula wam'kati wa thonje wosathina, ndipo kukayabwa ikanipo kansalu konyowetsa m'madzi ozizira m'malo mokanda. Ngati ndi kunyuka chabe, muona kusintha m'masiku 2 kapena 3. Zikamabwerera nthawi iliyonse mukavala kondomu, musaisiye, sinthani mupeze yopanda latex, monga ya polyurethane kapena polyisoprene, ndi mafuta otereretsa amadzi opanda fungo. Ikapezeka kandida, mankhwala a clotrimazole amathandiza, koma dziwani kuti amafooketsa labala wa kondomu.

Mukaona matuza, chilonda, mafinya, chikazi chonunkha, kutentha thupi, kapena mkodzo ukukana kutuluka, musadikire masiku amenewo. Pitani totupa tikadalipo kuti akatione ndi maso, ndipo amene akufuna kukulemberani mankhwala asanayang'ane, mupempheni ayang'ane. Milomo kapena nkhope ikatupa, kapena kupuma kukavuta mutangokhudzana ndi kondomu, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati kondomuyo inaphulika kapena kuvuka ndipo simukudziwa mmene magazi a mnzanuyo alili, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Mwamunayo muuzeni, mumufunse ngati naye akuona zachilendo, mukayezetse limodzi chindoko ndi HIV. Matenda awiriwa saoneka m'magazi masiku oyambirira, choncho zotsatira zikatuluka zabwino mudzayezetsenso pakatha miyezi 3.