Za peering yanu ija achimwene

Mwafunsa kuti pa AWS (cloud ya Amazon) mwalumikiza VPC A ndi B, B ndi C (VPC ndi netiweki yanuyanu ya mu cloud), nde bwanji A sakufika kwa C? Peering (kulumikiza ma VPC awiri mwachindunji) simadutsitsa choncho achimwene, B sangakhale mlatho ayi, aliyense amangoyankhula ndi amene walumikizana naye mwachindunji basi. Pangani peering ina ya A ndi C kenako muike ma route (njira zodutsa data) mu route table (mndandanda wa njirazo) mbali zonse ziwiri, apa mpomwe ambirife timaiwala, ine ndinachezera usiku wonse ping (yoyesera ngati mbali inayo ikuyankha) ikukana, kumapeto ndinapeza kuti security group (malamulo osankha zololedwa kulowa ndi kutuluka) ndiyomwe imatseka. Onaninso ma CIDR (ma range a ma IP address a VPC iliyonse), onse akakhala 10.0.0.0/16 peering siitheka nkomwe. Ma VPC akachuluka ingopitani pa Transit Gateway (malo amodzi olumikizirapo ma VPC onse), kungoti imeneyo ndiyolipira.