Alamu, za mpanda wa aneba uja

Eee alamu, ndamva funso lanu, loti nkhadze za aneba zatalika mpaka kutchinga dzuwa pa sola, phiri la Kanjala simuliwonanso, ndiye mufuna kuzigwetsa. Chikwanje chiyambe chakhala pansi kaye.

Yambani ndi mabikoni, zizindikiro zija zosonyeza malire a puloti. Tengani dayagiramu, ndiye kuti mapu a puloti yanu, mumange chingwe kuchoka pa bikoni ina kufika pa inzake, muone kumene tsinde lili. Ngati mabikoni anazulidwa musakumbire anu ayi, itanani saveya, woyeza malo. Tsinde likakhala kwawo, mpanda ndi wawo. Inu mungadule nthambi zokha zolowa kwanu, kulekezera pa malire penipeni, mutaima m'yadi mwanu, ndipo zodulazo ndi zawo, muwafunse ngati azifuna. Koma kudula kumutu, kuthira oilo kapena mankhwala pamizu, umenewo ndi mlandu wowononga katundu wa mwini, mudzagona ku polisi ndinu. Komanso nkhadzetu, utomoni wake ukalowa m'maso n'zoopsa, wodulayo avale magalasi.

Za phirizo iwalani, lamulo silipatsa munthu ufulu woona malo okongola kudzera pa puloti ya mnzake. Ngakhale dzuwa palokha n'lovuta kuwinira. Chimene khoti limamva ndi chowonongeka chooneka: mizu yang'amba khoma kapena sokawe, nthambi zikukwecha malata. Komabe ngati batire la sola silidzaza, jambulani zithunzi za mthunziwo 9 koloko, 12 koloko ndi 15 koloko, makamaka mu June ndi July. Nthawi imeneyo dzuwa limapendekera kumpoto, moti mpanda wa mamita 4 umene uli kumpoto kwanu umaponya mthunzi wa mamita pafupifupi 3 masana enieni. Mukajambula mu December mthunziwo sudzaoneka, aneba adzati mukunama.

Mukalankhule nawo muli ndi mboni, mutchule msinkhu weniweni, monga mamita 2, osangoti "dulani". Mukanena kuti wodula mulipirako theka, ambiri amavomera pomwepo. Akakana, lembani kalata ya deti, kope musunge, kenako kwa khansala wa wadi ndi ku ofesi ya mapulani ku Chipata City Council. Kukhoti n'komaliza, ndipo muyambe mwafunsa a Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu. Kukanakhala kumudzi tikanangopita kwa amfumu.

Paja muli pa lendi kapena nyumbayo ili m'dzina lanu? Ngati ndi lendi, kalatayo asaine alandilodi. Nditumizireni chithunzi cha dayagiramuyo.