Alamu anu akuti n'kuwononga ndalama kukaona madzi ku Livingstone

Kalata iyi yagona mu imelo mwanga masabata awiri. Ndimaitsegula, kuiwerenga, n'kuitsekanso, chifukwa inandiponda pachilonda. Wolemba ndi mayi wina, namwino, amene wakhala akuponya kangachepe ku banki m'khonde kuti pa tchuthi chake akaone mathithi ku Livingstone, m'dziko la Zambia. Akufunsa mwezi wabwino wopitira, komanso ngati munthu wosafuna zodumpha pa mlatho atamangidwa chingwe kumiyendo angakapindule kanthu kumeneko. Kumapeto anaponyako kachiganizo kamodzi: "Alamu anga akuti ndi misala kuthera ndalama pokaona madzi pamene nyanja ili pompano."

Achemwali, mawu amenewo ine ndinawamva kale, kungoti kwa ine anachokera kwa amalume. Kwathu ndi ku Chikwawa. Tinali pansi pa mtengo wa nimu, ine n'kutulutsa nkhani yoti ndikupita ku Zambia kukaona mathithi. Amalume anaika chipewa pabondo n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Madzi? Kodi Shire waphwa?" Anthu onse anafa nacho chiseko. Kenaka anayamba kuwerenga ndi zala: malata a nyumba ya amayi, fizi ya mwana wa mchemwali wanga, mbuzi imene ndinalonjeza chaka chatha. Palibe chimene ananama. N'chifukwa chake zinandiwawa. Ndinakwera basi ndili ndi mtima wa munthu wakuba, ndipo mtima umenewo unandiperekeza mpaka kudutsa chipata cha Mchinji.

Ulendowo ndi wautali, musanamizidwe. Mukadinditsa pasipoti pa Mwami mumafika pa Chipata, ndiye kuchoka apo kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Katete, Petauke, Nyimba, kenaka msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri mpaka pa mlatho wa Luangwa, pamene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu m'mbali mwa msewu. Chonsecho mukulankhula chinenero chanu chomwe, kungosintha kamvekedwe. Ndinagona ku Lusaka, m'mawa n'kukwera basi ina pa depoti ya Intercity. Makilomita enanso oposa 470. Pa Mazabuka ndinaona minda ya nzimbe n'kukumbuka ku Nchalo, mtima wakuba uja n'kudzukanso. Monze, Choma, Kalomo. Pofika ku Livingstone miyendo inali itatupa ngati ya mayi woyembekezera.

Unali mwezi wa Okutobala. Sungani mawu amenewa.

Pa loji imene ndinafikira, mnyamata wa pa kauntala anandilonjera bwino ndithu, kenaka anasuzumira kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti, "Nanga alendo anu ali kuti?" Iye ankayesa ndine dalaivala amene ndabweretsa azungu. Ndinati mlendoyo ndi ine ndemwe. Anapepesa, anachita manyazi, ndipo masiku otsatira tinakhala pachinzake. Sindimuda. Mnyamatayo anangolankhula zimene maso ake anazolowera: munthu wakuda wolankhula Chinyanja akalowa pakhomo limenelo amakhala kuti wanyamula chikwama cha wina. Amalume ku Chikwawa ndi mnyamata wa ku Livingstone anali asanaonanepo, koma ankagwirizana pa mfundo imodzi, yoti malo amenewa si anga.

Kukhoma kunali bolodi lalikulu lolembedwa ndi choko. Kudumpha pa mlatho, mamita 111. Kulendewera pa chingwe m'phompho. Kupalasa bwato la mphira m'mafunde a m'phompho la Batoka, kumunsi kwa mathithi. Helikopita. Kandege kakang'ono kosatseka m'mbali kokhala ngati njinga yamoto yamapiko. Kusambira mu Devil's Pool, dziwe limene lili pamlomo penipeni pa mathithi. Mitengo yonse m'madola. Ndinaima pamenepo n'kumasintha mumtima kuika m'makwacha athu, ndipo chilichonse chinkandithera pa malata.

Tsono ndinene maganizo anga mosapsatira. Tauni imeneyi imagulitsa mantha. Ndiye katundu wake wamkulu. Munthu wochokera kumene basi imafika pa nthawi yake, kumene magetsi sathima, amafunika kulipira kuti mtima wake ugunde. Ife mantha timawapeza ulere. Kwerani kabaza wa njinga yamoto nthawi ya mvula, kapena minibasi yotsika Thabwa mabuleki akununkha, muona ngati mufunanso chingwe cha kumiyendo. Sindikunyoza odumphawo ayi, ndalama n'zawo. Chimene chimandinyansa n'chakuti bolodi lija limakupangitsa kumva ngati ukangoona mathithi osagula china chilichonse ndiye kuti sunafike. Funso lanu lachiwiri lija, achemwali, labadwira pa bolodi limenelo, ngakhale simunaliwonebe.

Ndipo ine linandigonjetsa. Mverani mmene zinakhalira.

M'mawa ndinakwera takisi yaganyu limodzi ndi ena, makilomita 10 okha kuchoka m'tauni. Ndinalipira pageti, n'kuyenda kanjira ka m'mitengo mtima uli dyokodyoko. Nditatulukira poonekera ndinapeza khoma lalitali la mwala wakuda, louma gwa, timadzi tikutsetsereka apo ndi apo ngati mpopi wa m'lokeshoni. Masiku awiri pa basi! Ndinamva mawu a amalume m'khutu. Mlonda wina anandifotokozera kuti miyezi imeneyi Zambezi amakhala atatsika, mbali ya Zambia ndiyo imayamba kuuma chifukwa mlomo wake ndi wokwererapo, ndiponso madzi ena amapatutsidwira ku makina opangira magetsi. Madzi ambiri amakhala akugwera mbali imene imaoneka bwino uli ku Zimbabwe. Utsi wake ndinkauona chapatali, ukukwera.

Ndi ukali womwewo ndinatsika kanjira kopita ku Boiling Pot, pansi pamene madzi onse amakathithikana n'kumazungulira ngati phala likubwata. Potsika n'kosavuta. Ndili chikhalire pamwala, ndinatulutsa jumbo ya mabanzi. Nyani wamkulu anatsika mwaulemu ngati mkulu wa mpingo, anandiyang'ana m'maso, n'kugwira jumboyo. Sitinalimbane. Anakhala patsogolo panga pomwepo n'kumadya, akusankha la shuga wambiri.

Madzulo ake, pofuna kuti ndisabwerere kumudzi chimanjamanja, ndinalipira za bwato la mphira. Ndalama imene ndinasungira chakudya chabwino ndi mphatso inathera pomwepo. Ndinagula chifukwa cha manyazi, ndivomere.

Koma tsikulo sindidzaliiwala. Amakuveka chisoti ndi jekete yoyandamitsa, kukupatsa nkhafi, n'kukuphunzitsa kuti wotsogolera akakuwa ugwade m'bwato ndi kugwiritsa chingwe. Mafunde a m'menemo ali ndi manambala ndi maina, ndipo ena ali pa giredi 5, kutanthauza kuti kuposa apo anthu olipira sawalowetsamo. Pakati pa mafunde madzi amadekha, makoma akuda atakuzingani uku ndi uku, kuli zii. Kenaka umamva mkokomo kutsogolo. Pa funde lina bwato linaimirira ngati mbuzi yolusa n'kutikhuthula tonse. Pansi pa madzi panali mdima wobiriwira. Sindinkadziwa kumwamba ndi kuti. Ndinamwa Zambezi wokwanira kuphikira nsima ya pamaliro, ndipo pamene mnyamata wa kabwato kakang'ono anandikoka, chinthu choyamba chimene ndinafunsa chinali nsapato yanga.

Chimene sakuuza pa bolodi ndi chitunda chotulukira m'phomphomo. Wafooka, dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndiye ukwere ndi miyendo yako. Ndinkapuma pa masitepe khumi alionse. Ndili wefuwefu choncho, anandipitirira anyamata a m'midzi yapafupi atasenza bwato lija, lophwetsedwa ndi kupindidwa, ena nkhafi mtolo, kumapazi patapata. Amakwera chitunda chimenecho tsiku ndi tsiku. Alendo anzanga ankajambulana pamwamba atanyamula mabotolo ozizira, anyamatawo atakhala pambali pamthunzi. Mukadzapita, kaya ndi bwato kaya ndi china, kandalama kothokoza mukapereke m'manja mwa wonyamulayo. Pa mfundo iyi sindimva za wina.

Ndapatuka, koma ndipatukenso pang'ono, chifukwa apa ndi pamene mtima wakuba uja unandithera. Tsiku lomaliza ndalama zitatha ndinalowa mu Livingstone Museum, poti n'zotsika mtengo. Tauniyi inali likulu la Northern Rhodesia, Zambia ya lero, kuyambira 1911 mpaka 1935 pamene boma linasamukira ku Lusaka, ndiye nyumba zakale zamakhonde zikadalipo m'misewu. Mu miyuziyamu muli makalata ndi katundu wa David Livingstone. Iyeyu anafika pa mathithiwa pa 16 Novembala 1855, n'kuwapatsa dzina la mfumukazi ya kwawo, Victoria. Koma anachita kumutengera pa bwato anthu a mfumu Sekeletu, Amakololo, amene ankawatcha kale kuti Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda ngati bingu. Tsono inu mukudziwa kumene ena mwa Amakololo oyenda ndi Livingstone anakathera? Ku Chikwawa. Anatsalira m'chigwa cha Shire n'kusanduka mafumu pakati pa Amang'anja, ndipo maina a Kasisi, Maseya ndi Katunga alipo mpaka lero. Ndinaima pamenepo n'kuseka ndekha. Amalume amakaweruzidwa milandu ya malire a munda pabwalo la mfumu imene makolo ake anachokera kumtunda kwa mtsinje womwewu, koma akuti ine ndasochera.

Ndiye wina asakuuzeni kuti kumeneko n'kwa azungu. Ngakhale mlatho umene amadumphirapowo, umene unatha kumangidwa mu 1905, unali loto la mtsamunda wa ku Britain Cecil Rhodes lofuna njanji yochoka ku Cape kukafika ku Cairo, ndipo ankafuna kuti nthunzi ya mathithi izigwera pa mabogi a sitima. Mwini lotoyo anamwalira mu 1902 asanawaonepo mathithiwo. Inu mukawaona.

Ndinabwereranso patapita zaka, mwezi wa Epulo, ndili ndi mayi a kunyumba. Utsi tinauona tikadali m'basi. Pa kamlatho kopapatiza kotchedwa Knife-Edge mvula inkachokera pansi kupita kumwamba. Majasi apulasitiki obwereka pageti sanathandize kanthu. Mathithiwo, otambalala mamita oposa 1,700 ndi kuya kopitirira mamita 100, sunkawaona onse, ankangotulukira mphepo ikakankha nkhungu n'kubisalanso. Mkokomo wake unkamveka m'chifuwa. Mayi a kunyumba, munthu wosachedwa kudandaula za tsitsi, anaima pakati pa kamlathoko mesh ili chonyowa, utawaleza uli kumapazi kwawo, akukuwa mawu amene sindinawamve. Sitinagule chilichonse cha pa bolodi ulendo umenewo.

Tsono za mwezi

Ngati mukufuna madzi, pitani pakati pa Marichi ndi Meyi, koma dziwani kuti mukanyowa ndipo zithunzi zikavuta. Juni ndi Julayi ndiye pakatikati: madzi alipo, kukuoneka bwino, kukuzizira. Okutobala ndi Novembala ndi wa bwato la mphira ndi Devil's Pool, ndipo mukapita nthawi imeneyo muwoloke mukaonere ku Zimbabwe. Mukatha kugwirizanitsa ndi mwezi wathunthu kumwamba nthawi ya madzi ambiri, amatsegula usiku kuti anthu aone utawaleza wa mwezi.

Mapepala ndi ndalama

Pasipoti ya Malawi siifuna viza ku Zambia kapena ku Zimbabwe. Pageti mukalipira mtengo wa mlendo wakunja, wokwera kuposa wa eni dziko. Gonani m'tauni, idyani nsima ku msika wa Maramba, foni muikulunge m'jumbo, chakudya musachionetse kwa anyani. Kukaima pa mlatho n'kumaonerera odumpha, mumangopempha kachikalata kwa a imigireshoni. Osintha ndalama a pa boda muwerengere pamaso pawo kawiri.

Za alamu anuwo sindikuuzani kuti mukakangane nawo. Mwina nawonso ali ndi malata awo amene akuwerenga. Ine malata a amayi ndinadzagula chaka chotsatira, mbuzi ija mpaka lero ikadali ngongole. Nditabwerako ulendo wachiwiri ndinapita kumudzi n'kuwaonetsa amalume kanema wa pa foni. Anaonera kawiri, foni ataigwira patali ndi maso. Kenaka anafunsa kuti madzi onsewo amathera kuti. Ndinati amapita ku Kariba, kenaka ku Cahora Bassa, kudutsa ku Tete, n'kukakumana ndi Shire wathu yemweyu ku Mozambique.

Anandibwezera foni n'kuvala chipewa. "Ndiye bwenzi utangowadikirira kumunsi kuno."