Mphika wachitsulo wa amayi musawalande

Achemwali, mwafunsa kuti mutani popeza amayi anu, a zaka 74, akuvutika ndi nyamakazi m'manja koma akukana kusiya mphika wawo wachitsulo wa miyendo itatu womwe bambo anabwera nawo kuchokera ku Joni. Ine ndikuti aziphikirabe, chimene asiye ndi kuunyamula basi.

Miphika imeneyi ndi yolemeradi. Wa saizi nambala 3, ngati wa mtundu wotchedwa Falkirk, umalowa madzi pafupifupi malita 8, ndipo wopanda kanthu umalemera cha m'ma kilogalamu 10. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye ganizirani katundu amene amayi amaphula pamoto nyemba zikapsa, zala zili zotupa. Chimene chimandiopsa ine n'choti dzanja likawapereka, msuzi wowira uwakhuthukira m'miyendo.

Choncho mphikawo upezereni malo amodzi, ukhazikike pamenepo. Madzi azibwera ndi jagi, ndiwo zizichoka ndi chipande. Zikapsa asamaphule, azingosolola nkhuni kapena kukokera makala pambali, koma azichita zimenezi mofulumirako chifukwa chitsulo chimasunga kutentha, chakudya chimapitirira kupsa moto utachoka. Ubwino wake ndi womwewo: nyemba kapena nyama yolimba zimafewa ndi moto wochepa, amayi atakhala pansi osasonkhezera pafupipafupi. Ngakhale povundula nsima mphika wolemera suthawa, ndiye manja onse awiri amagwira mthiko.

Kutsuka nakonso kuchitikire pomwepo. Ukazirala pang'ono athiremo madzi ofunda, akweche, atunge madziwo ndi kapu, kenako auumitse ndi makala otsala n'kupaka timafuta tophikira kuti usachite dzimbiri. Madzi ozizira mumphika wotentha ayi, chitsulo chamtunduwu chimang'aluka.

Chivundikiro musachipeputse, pachokha chimalemera. Apangitsireni kandodo kachitsulo kopinda kumapeto kwa owotcherera, azikolera nako n'kukokera pa njerwa zoyalidwa pambali. Nsalu yogwirira ikhale youma, yonyowa imawotcha. Ndipo m'malo monjuta apezereni kampando kolimba kokhala ndi pogwira podzuka.

Phala la m'mawa ndi madzi a tiyi, zimenezo aphikire mu kasefuliya kopepuka. Tsiku limene mphika ukufunika kusuntha, ayitane mdzukulu. Koma zala zikayamba kuchita dzanzi kapena kugwetsa ndi kapu yomwe, musadikire, mupite nawo kuchipatala akawapime.