Nkhani za chikondi cha anthu amene ali ndi apongozi

Asisi, mwafunsa komwe mungapeze nkhani za chikondi cha anthu akuluakulu zomveka ngati moyo weniweni, chifukwa mwatopa ndi za mnyamata wolemera amene amaona mtsikana lero, mawa wamugulira nyumba. Funso lanu landikhudza, moti ndikuyankha ndili m'minibasi yopita ku Chelstone muno mu Lusaka.

Ine ndikatola buku ndimayamba ndafufuza ngati anthu awiriwo ali ndi abale. Kwathu kuno palibe amene amakondana awiriwiri. Pamakhala apongozi, alamu, alangizi, lendi ya mwezi, ndi mwana wa malemu amene mukumulipirira sukulu. Buku likachotsa zonsezi n'kusiya kupsompsonana kokha, ndimalibwezera pomwe ndalitenga.

Yambani ndi Stay With Me la Ayobami Adebayo wa ku Nigeria, lomwe linatuluka mu 2017. Yejide ndi mwamuna wake Akin anakumana ku yunivesite, ndipo amakondana zenizeni. Koma patapita zaka zinayi opanda mwana, achibale akufika pakhomo ndi mkazi wachiwiri. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti wolemba amawapatsa mpata onse awiri: mutu wina akulankhula mkazi, wina mwamuna. Umakwiya naye Akin, kenako umamva mantha amene wabisa m'mimba, mkwiyo uja n'kusowa poufikitsa. Ine ndinaliwerenga chaka chachitatu cha ukwati wanga, nthawi imene azakhali a amuna anga ankati akabwera kudzacheza amayamba ayang'ana pamimba panga asanandipatse moni. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndikuchenjezeni chabe kuti muli maliro a ana ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell, choncho ngati bala lotere likadali laliwisi kwa inu, liyembekezeni kaye.

Lina ndi So Long a Letter la Mariama Bâ wa ku Senegal, lomwe linayamba kutuluka m'Chifalansa mu 1979. Ndi kabuku kopyapyala, mutha kukamaliza Loweruka limodzi. Ramatoulaye, mayi wa ana 12, akulembera mnzake Aissatou kalata ali pa maliro a mwamuna wake Modou, yemwe anamusiya n'kukwatira mnzake wa mwana wawo weniweni. Aissatou zitamuchitikira zofanana anachoka, koma Ramatoulaye anakhala. Bukuli silinena kuti wolakwa ndani pa awiriwa, ndipo n'chifukwa chake ndimalilemekeza. Pali malo ena pamene mwamuna wabwino, dokotala amene ankamufuna kuyambira pa utsikana, akumufunsira Ramatoulaye ali wamasiye, iye n'kukana chifukwa amangomulemekeza koma mtima suli pamenepo. Mtsikana wa zaka 20 angaone ngati kupusa. Ife amene tadya mchere wokwanira m'banja timadziwa kulemera kwa yankho limenelo.

La kwathu konkuno ndi Patchwork la Ellen Banda-Aaku, lomwe linapambana Penguin Prize for African Writing mu 2010. Nkhani yake ikuchitikira mu Lusaka momwe muno. Pumpkin ndi mwana wa kunja kwa banja wa bambo wolemera, ndipo mayi ake ndi chidakwa. Ena anganene kuti limeneli si buku la chikondi, koma ine ndimakana. Gawo lachiwiri likumuonetsa Pumpkin atakula, ali pabanja, akulephera kukhulupirira mwamuna wake chifukwa cha zimene anaona kwa bambo ake. Nsanje yake imanyansa, komabe umaizindikira, chifukwa tonse tili naye m'bale wotero.

Za kokawapeza: funsani kusitolo ya mabuku ya Bookworld ku Manda Hill, ndipo musanyoze anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa Cairo Road, poti So Long a Letter linawerengedwa kwambiri m'sukulu ndipo limapezeka m'milu yotere pa mtengo wochepa. Muwauze dzina la wolemba, chifukwa mukangoti mukufuna buku la chikondi akupatsani zomwe zija mwatopa nazo.

Stay With Me langa lili kwa mnzanga ku Kabwata. Akabweza ndilemba pano, mudzabwereke, koma mundiuze kaye ngati nkhani ya ana ija mungaipirire.